ZA UMOYO PA MUDZI: Citupa Colankhulira Munthu Amene Wakomoka

Tauni ya Kafue, imene iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, ndi malo a anthu a paulendo. Mseu waukulu wopita ku Livingstone ndi ku Chirundu udzera pomwepo, njanji nayonso idzera pomwepo kuyambira pamene mlatho wa sitima unamangidwa pa mtsinje mu 1906, ndipo tsiku liri lonse amai a nsomba ocokera ku Chanyanya, alimi a ndiwo ndi ogulitsa makala afika pa msika m'mamawa ndi kubwerera madzulo. Ena mwa okhala m'makomboni a Shikoswe ndi Zambia Compound ndi ana a anthu amene anasiya midzi yao kutali kudzagwira nchito pa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inatsegulidwa mu 1970. M'tauni yotere munthu akhoza kugwa pakati pa anthu mazana, osapezeka ngakhale mmodzi wodziwa dzina lake kapena matenda ake.

Nkhani ya sabata ino ikhudza munthu wotereyo. Bambo wodwala matenda a shuga adzuka kusanace, adzibaya jekeseni wa insulini, nanyamuka osadya kanthu pofuna kupeza basi yoyamba. Pofika pa siteshoni dzuwa litakwera, thukuta lamunyowetsa malaya, manja anjenjemera, mau atuluka mokokakoka, ndipo akafunsidwa kanthu ayankha mwaukali uku akudzandira. Oona anena msanga kuti mkuluyu wakhuta kacasu, namkokera pa mthunzi kuti agone mowa umcoke. Koma iye sanalawe ngakhale dontho la mowa. Cimene cacitika ndi cakuti shuga wa m'magazi mwake watsika kwambiri, ndipo tulo timene amsiyira tikhoza kukhala tosadzukanso.

Ubongo wa munthu ukhalira shuga wa m'magazi monga momwe nyale ikhalira parafini. Insulini ndi mapiritsi ena, monga glibenclamide, apatsidwa kwa wodwala kuti atsitse shuga wocuruka. Tsono munthu akalandira mankhwalawo osadya, kapena akagwira nchito yolemetsa monga kulima ndi kupalasa bwato, kapena akamwa mowa m'mimba mulibe kanthu, shuga atsika kupitirira muyeso. Pa makina oyesera a ku cipatala, nambala yocepera 4 isonyeza ngozi. Mankhwala ake ndi apafupi, pakuti masupuni ang'ono atatu kapena anai a shuga m'madzi atsitsimutsa munthu m'mphindi zocepa. Bvuto liri pakuti amene ali pafupi sadziwa, ndipo mwini wake salinso ndi nzeru zofotokozera.

Nzeru yobvala cizindikiro ca matenda inayamba m'tauni ya Turlock ku California m'dziko la America. Mu 1953 mtsikana wa zaka 14, Linda Collins, anadziceka cala, ndipo atamtengera ku cipatala anatsala pang'ono kufa cifukwa thupi lake linakana mankhwala oletsa kafumbata amene anamuyesa nao. Atate wake, Dotolo Marion Collins, anaona kuti tsiku lina mwanayo adzadwala ali kutali ndi makolo. Poyamba anammangirira kapepala pa cibangili, ndipo mu 1956 anampangitsira cibangili ca siliva colembedwa mankhwala amene sayenera kupatsidwa. Apo ndi pamene panayambira bungwe la MedicAlert, ndipo mwambowu unafalikira m'maiko ambiri, kotero kuti anchito a zaumoyo aphunzitsidwa kuyang'ana pa dzanja ndi m'khosi mwa munthu wokomoka.

Kale anthu anali kunena kuti shuga ndi matenda a Azungu ndi a olemera, koma ziwerengero zitsutsa mau amenewa. Bungwe la World Health Organization linapeza kuti odwala shuga pa dziko lonse anali 200 miliyoni mu 1990, ndipo pofika mu 2022 anali 830 miliyoni. Kuno ku Zambia, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 anasonyeza kuti mwa akulu 100 ali onse, pafupifupi 6 anali ndi shuga wokwera m'magazi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Motero mudzi wa mabanja makumi angapo sungalephere kukhala ndi wodwala wotere, ndipo m'basi yodzala yocoka ku Kafue kupita ku Lusaka angakhalemo awiri kapena atatu.

Banja la pa mudzi siliyenera kudandaula kuti siliva ndi wodula. Cofunika ndi mau olembedwa. Kakhadi kolimba kokutidwa ndi pulasitiki kuti kasanyowe, komangidwa pa cingwe ca m'khosi, kagwira nchito yomweyo. Wosula zidebe pa msika akhozanso kudinda zilembo pa kacitsulo kosacita dzimbiri ndi kukaboola kuti kabvalidwe pa dzanja. Polemba, mwini wake apemphe namwino wa pa kiliniki yake kuti amthandize, kuti pasakhale colakwa. Palembedwe dzina la munthuyo, dzina la matenda, mankhwala amene alandira, mankhwala amene thupi lake likana, kiliniki imene apitako, ndi nambala za foni za abale awiri. Dzina la matenda lilembedwe m'zilembo zazikulu m'Cingelezi ndi m'Cinyanja, DIABETES ndi SHUGA, pakuti pa Kafue pakumana Atonga, Asoli, Alozi, Abemba ndi olankhula Cinyanja, ndipo madotolo anaphunzira nchito yao m'Cingelezi. Foni ya m'thumba siingadaliridwe payokha, cifukwa kawirikawiri ikhala yotseka, yotha moto, kapena itayika m'cipwirikiti. Mankhwala akasinthidwa, kakhadi nako kalembedwe katsopano.

Odwala shuga sali okha pa nkhaniyi. Wodwala khunyu, makamaka msodzi kapena mai wotunga madzi m'mbali mwa mtsinje, afunika cizindikiro cake. Ateronso wa mphumu, wa mtima, ndi mwana wa matenda a sickle cell amene ayenda yekha ku sukulu. Pali anthu enanso amene thupi lao litupa kapena kusupuka khungu akalandira penisilini, kapena mankhwala a mtundu wa sulfa monga Septrin ndi Fansidar. Munthu wotere akafika pa cipatala ali cikomokere pambuyo pa ngozi ya pa mseu, namwino alibe njira yodziwira zimenezi ngati palibe colembedwa.

Ena akana kubvala poopa manyazi. Mnyamata aopa kuti acotsedwa nchito, mtsikana aopa kuti ukwati umlambalala, ndipo mai wa mu mpingo aopa kuti anzake ayesa wabvala cithumwa. Mantha amenewa ndi omveka, pakuti milomo ya anthu ipweteka. Koma kakhadi ka m'khosi kakhala kunsi kwa malaya, kaoneka pokhapo pamene kafunika, ndipo abusa ndi akulu a mpingo akaonetsedwa adzaona okha kuti mulibe mizu, muli zilembo cabe. Shuga ndi khunyu sizipatsirana, ndiponso sizicokera kwa mfiti. Akulu anati ukabisa matenda maliro adzaulula. Anthu a dziko lino anatentha zitupa za atsamunda mu 1961 cifukwa zinali zowacepetsa, koma palibe mai amene acita manyazi ndi khadi la ku sikelo la mwana wake, ndipo citupa ca matenda ciri m'gulu la khadi limeneli.

Citupa cikhala copanda pake ngati wocipeza sadziwa cocita, cotero ophika nsima pa msika, makondakitala, apolisi, aphunzitsi ndi mafumu a midzi asunge malangizo awa. Munthu akaoneka ngati woledzera, ayang'anidwe pa dzanja, m'khosi ndi m'thumba la malaya, anthu ena akuona kuti pasakhale wonamiziridwa kuba. Fungo la mowa lisanyenge munthu, pakuti wodwala shuga amene wamwa ndiye ali pa ngozi yoposa. Ngati palembedwa shuga ndipo munthuyo akali maso nakhoza kumeza, apatsidwe madzi a shuga kapena theka la botolo la cakumwa cotsekemera. Zikapita mphindi 15 osasintha apatsidwenso, ndipo akatsitsimuka adye cakudya cokhalitsa m'mimba, monga nsima, mbatata kapena buledi, kenaka aperekezedwe ku kiliniki. Ngati wakomokeratu, asathiridwe kanthu m'kamwa, cifukwa madziwo akhoza kulowa m'mapapo. Agonekedwe cammbali ndi kunyamulidwa msanga kupita ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca Kafue General, kumene adzampatsa shuga wa m'mitsempha. Ndipo munthu wokomoka asabayidwe insulini wopezeka m'cola cake, pakuti kutero kukhoza kumtsiriza.

Wa khunyu akagwa, acotsedwe pafupi ndi moto, madzi kapena mseu, aikiridwe nsalu kunsi kwa mutu, asapanidwe manja ndi miyendo, ndipo supuni kapena mtengo zisalowe m'kamwa mwake. Thobvu lake silipatsa munthu matenda. Kuphupha kukatha agonekedwe cammbali, koma kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, atengeredwe ku cipatala.

Insulini anapezeka mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, m'manja mwa Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo caka ciri conse pa 14 Novembala, tsiku lobadwa la Banting, dziko lonse likumbukira odwala shuga. Mankhwala amenewa apatsa anthu zaka zambiri za moyo, ndipo ndi cisoni kuti wina afe pa mthunzi wa pa siteshoni cifukwa cosowa kapepala ndi masupuni atatu a shuga. Banja liri lonse limene liri ndi wodwala lisadikire Novembala. Pa tsiku lotsatira lokatenga mankhwala, wodwalayo apite ndi mbale wake ndi kakhadi koyera kuti namwino awalembere, ndipo pocoka pa khomo asaiwale kuika masiwiti angapo m'thumba. Madzulo ake ana a pa nyumbapo aonetsedwe kakhadiko ndi kuuzidwa tanthauzo lake, cifukwa nthawi zambiri mwana ndiye ayamba kupeza agogo atagwa ku munda.