Masewero a ana asukulu asanduka msika ku America ndi ku Joni

Mwezi wa March ukangokwana, munthu wokonda masewero m'chigawo cha Indiana ku America sapezeka pakhomo madzulo. Lachiwiri amakhala ali muholo ya sukulu kuonerera basketball, Lachitatu ali kuholo ina, Lachisanu ndi semifainolo, ndipo Loweruka ndi fainolo ya m'dera lawo. Omwe amasewerawo ndi ana a sekondale a zaka zapakati pa 14 ndi 18, ena mwa iwo ndevu zisanamere n'komwe.

Nyengo yomweyi, ku South Africa masewero a rugby a m'sukulu amakhala akuyamba kumene. Pofika pa Pasaka, sukulu za St John's, St Stithians ndi King Edward VII mumzinda wa Johannesburg zimaitana matimu a sukulu zina ku zikondwerero za rugby za masiku angapo. Masewero ambiri otere amaonetsedwa ndi SuperSport Schools, moti masiku ano amene ali ndi foni ndi intaneti angathe kuwatsatira ali kutali.

Kwa wochemerera, sabata yotere ndi phwando. Koma funso lomwe makolo ndi aphunzitsi m'maiko awiriwa akhala akufunsa ndi lakuti: pa ndalama ndi ulemerero wonsewu, mwana amene akukhetsa thukuta m'bwalo akutolapo chiyani?

Chikho cha mudzi wonse

Masewero a basketball adayambira pasukulu. Mphunzitsi James Naismith ndiye adawayambitsa m'chaka cha 1891 ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts, pofuna kuti ophunzira ake azikhala ndi chochita m'nyengo yozizira. Timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndipo chigoli chimalowa mpira ukadutsa m'kankhata kokhomedwa m'mwamba.

Ku Indiana mpikisano wa sukulu za sekondale udayamba m'chaka cha 1911. Malamulo ake ndi a chipulula: timu ikagonja kamodzi, basi yanyamula zikwama. Kwa zaka zambiri sukulu zonse, zazikulu ndi zazing'ono, zimalimbirana chikho chimodzi.

N'chifukwa chake anthu kumeneko saiwala chaka cha 1954, pomwe sukulu ya m'katauni ka Milan, ya ophunzira 161 okha, idagonjetsa sukulu yaikulu ya Muncie Central ndi mapointi 32 kwa 30. Mnyamata Bobby Plump ndiye adagoletsa nthawi itatsala pang'ono kutha. Nkhaniyi ndiyo idabala kanema wa Hoosiers yemwe adatuluka mu 1986.

Chaka chotsatira, mu 1955, chikho chidapita kusukulu ya Crispus Attucks ya mumzinda wa Indianapolis, yomwe inali ya ana achikuda okhaokha kamba ka tsankho la nthawiyo. Mtsogoleri wawo m'bwalo anali Oscar Robertson, yemwe pambuyo pake adadzatchuka mu ligi ya NBA.

Mu 1990 anthu 41,046 adadzaza bwalo la Hoosier Dome kudzaonerera fainolo ya ana asukulu. Chiwerengerochi chikufanana ndi cha anthu amene angadzaze bwalo la Bingu ku Lilongwe.

Koma mpikisano wa 1997 unali womaliza wa chikho chimodzi. Kuyambira 1998 sukulu zidagawidwa m'magulu anayi potengera kuchuluka kwa ophunzira. Oyendetsa masewero adati akufuna kuti sukulu zing'onozing'ono nazo zizilawako chikho. Odandaula amati kusinthaku kudapha maloto a kamudzi kofuna kugwetsa chimphona, ndipo mkangano umenewu sudatheretu.

Khomo ndi lopapatiza

Ndalama zidayamba kununkha kwambiri m'masewerowa pomwe makanema ndi makampani a nsapato adatulukira kuti mwana waluso ndi katundu wamalonda. LeBron James adakali pasukulu ya St Vincent-St Mary ku Akron, Ohio, mu 2002 chithunzi chake chidatuluka pachikuto cha magazini ya Sports Illustrated ndipo masewero a sukulu yake adaonetsedwa pakanema dziko lonse. Mu 2003 adalowa NBA osadzera kuyunivesite.

Kuyambira mu July 2021, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite la NCAA lidalola osewera kupanga ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi zithunzi zawo, ndipo zigawo zambiri zidatsatira pololeza ana a sekondale kuchita chimodzimodzi.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anyamata oposa 500,000 amasewera basketball m'sukulu za sekondale ku America. Malinga ndi ziwerengero za NCAA, mwa anyamata 100 alionse, osakwana anayi ndiwo amapitiriza kusewera m'mayunivesite a bungweli. Ligi ya NBA imasankha osewera atsopano pafupifupi 60 pachaka, ndipo ena mwa malowa amatengedwa ndi anyamata ochokera ku Ulaya ndi ku Africa.

Izi zikutanthauza kuti kwa ana ambiri, usiku umene timu yawo yatuluka m'chikho ndiwo mathero a mpira wawo. Amene adatayirira makalasi podalira lusolo amatsala manja ali m'khosi.

Rugby ndi sukulu za opata

Ku South Africa nkhani ndi yomweyo, kungoti mpira wake ndi wooneka ngati dzira, osewera ndi 15 mbali iliyonse, ndipo kugwetsana pansi n'kololedwa. Timu ya dzikolo, Springboks, yatenga chikho cha dziko lonse kanayi: mu 1995, 2007, 2019 ndi 2023. Gwero la mphamvu zimenezi ndi sukulu.

Chaka chilichonse anyamata osankhidwa m'zigawo amakumana pampikisano wa Craven Week, womwe udayamba mu 1964 ndipo udatengera dzina la Danie Craven, mkulu wa rugby wa nthawiyo. Mpaka m'chaka cha 1980 mpikisanowu unali wa ana a azungu okhaokha. Lero ndi pomwe matimu akuluakulu ndi ma ejenti amakasaka osewera.

M'tauni ya Paarl, kufupi ndi Cape Town, masewero a pachaka a pakati pa Paarl Gimnasium ndi Paarl Boys' High amakoka anthu pafupifupi 20,000. Sukulu za Grey College ku Bloemfontein ndi Paul Roos ku Stellenbosch zatulutsa osewera a Springboks oposa 40 iliyonse.

Vuto lagona poti sukulu zotere ndi zochepa ndipo fizi yake si ya munthu wamba. Zili ndi mabwalo a kapinga wothiriridwa, makochi olembedwa ntchito, malo onyamulira zitsulo ndi chakudya chokwanira. Sukulu zambiri za m'makomboni ndi m'midzi zilibe ngakhale bwalo.

Mbiri ya Siya Kolisi ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Iye adabadwa mu 1991 ndipo adakulira muumphawi kukomboni ya Zwide ku Port Elizabeth, mzinda womwe tsopano ukutchedwa Gqeberha. Ali ndi zaka 12 adaonedwa pampikisano wa ana ndipo adapatsidwa mwayi wophunzira ulere kusukulu ya Grey mumzinda momwemo. Mu 2018 adakhala kaputeni woyamba wachikuda wa Springboks, ndipo adanyamula chikho cha dziko lonse kawiri.

Tendai Mtawarira wa ku Zimbabwe naye adadzera kusukulu za Churchill ndi Peterhouse asadatengedwe ndi timu ya Sharks ku Durban.

Ena amati nkhani zimenezi ndi umboni woti njirayi ikugwira ntchito. Koma otsutsa amati kuzula mwana mmodzi waluso m'komboni sikusintha sukulu imene wachokayo, pomwe anzake mazanamazana amatsala opanda mpira, kochi kapena bwalo.

Iwo amaloza kwa Makazole Mapimpi wa m'mudzi wa Tsholomnqa ku Eastern Cape, yemwe sadaphunzire pasukulu yotchuka ndipo adachedwa kudziwika. Iyeyu ndiye adagoletsa try yoyamba ya South Africa mufainolo ya chikho cha dziko lonse, pomwe adathambitsa England 32 kwa 12 ku Yokohama mu 2019. Funso lawo ndi lakuti: kodi ndi a Mapimpi angati amene adathera kumudzi osaonedwa?

Thupi la mwana lili pachiswe

Mpikisano ukakula chotere, ana ena amafuna njira yachidule. Pa Craven Week ya 2018, anyamata asanu ndi mmodzi adapezeka atagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa okuza minofu. Mankhwalawa amaononga mtima ndi chiwindi, komanso amasokoneza kakulidwe ka mwana.

Palinso ngozi ya kuvulala khosi, msana ndi mutu. Imfa ya wosewera Chris Burger, yemwe adathyoka khosi mu 1980, idachititsa kuti pakhazikitsidwe thumba lothandiza ovulala kwambiri pa rugby, lomwe lero likutchedwa Chris Burger Petro Jackson Players' Fund. Mu 2009 bungwe la rugby m'dzikolo lidayambitsa ndondomeko ya BokSmart, yokakamiza makochi ndi oimbira masewero kuphunzira za chitetezo cha osewera.

Makolo asagone

Nkhaniyi si yakutali kwenikweni. Amalawi ambiri ali ku Joni ndi mabanja awo, ndipo ana awo akuphunzira m'sukulu za kumeneko. Mwana wamsinkhu ndi liwiro angathe kukopedwa ndi sukulu yolonjeza maphunziro aulere.

Mwayi wotere si wokana, koma kholo liyenera kufunsa lisadasaine: mwana akavulala, malo ake pasukulu akhalapobe? Ndani adzalipira kuchipatala? Nanga akalephera m'kalasi, sukulu idzamuthandiza kapena idzangomufuna Loweruka lokha? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kwa mwana wasukulu fodyayo ndi satifiketi.

Chinanso chimene Indiana ndi Paarl zikuphunzitsa n'chakuti m'mera mpoyamba. Makamu a anthu m'maholo ndi m'mabwalo aja sadabwere ndi kanema. Adayamba ndi makolo, ogulitsa m'sitolo ndi ophunzira akale amene amatenga timu ya sukulu ngati yawoyawo, kusonkha ndalama za yunifolomu ndi thiransipoti, ndi kubwera kudzachemerera chaka ndi chaka.

Sabata ya chikho imatha, wochemerera n'kubwerera kuntchito zake kudikira March wina. Mwana amene wagonja uja amadzuka Lolemba kupita m'kalasi, ndipo zimene akapeze kumeneko ndizo zidzamudyetse mpira ukadzatha.