Magule a m'misewu ya Lusaka ndi tsogolo la mwambo wa ku Shikabeta

Kuchokera m'chaka cha 2006, gulu la Barefeet Theatre la mu Lusaka lakhala likugwiritsa ntchito zisudzo, ng'oma ndi magule pofikira ana okhala m'misewu. Gululi linatchuka kwambiri ndi chikondwerero cha achinyamata, pomwe ana a m'makomboni ndi a m'nyumba zosungiramo ana ankayenda mumzindawu akuvina ndi kuchita masewero odabwitsa. Ana omwe masiku ena amathamangitsidwa pakhomo pa masitolo, pa tsikulo ankaomberedwa m'manja.

Phindu la ntchito yotereyi linaonekanso ku Chibolya, komboni yomwe ambiri amaidziwa ndi mbiri ya mankhwala ozunguza bongo. Anyamata a kumeneko anayambitsa gulu la Circus Zambia, ndipo luso lomwe linayambira pafumbi linasanduka ntchito yopezera ndalama ndi yophunzitsira ana anzawo.

Koma nkhaniyi imamveka mosiyana ikafika kumidzi. M'boma la Rufunsa, lomwe linapatulidwa ku Chongwe m'chaka cha 2012, Asoli a kwa Mfumu Shikabeta ali ndi mwambo wawo wa Nkomba Lyanga, monga mmene anzawo a kwa Mfumu Nkomeshya alili ndi Chakwela Makumbi. Pa miyambo yotere gule amavinidwa pothokoza ndi pokumbukira makolo, ndipo mwana amaphunzira poonera akulu. Lero mwana yemweyo amaona mavinidwe a m'tauni pa lamya ya m'manja, ndipo msewu wa Great East Road umatengera achinyamata ambiri ku Lusaka kukafuna ntchito. Nkhawa ya makolo ndi yakuti ng'oma idzasowa woimba achikulire akadzatha.

Mbiri ya dziko la Zambia ikusonyeza kuti tauni siipha gule nthawi zonse. M'chaka cha 1956, katswiri wofufuza za chikhalidwe, J. Clyde Mitchell, analemba za gule wa Kalela monga anamuonera ku Luanshya, kudera la migodi. Ovina ake anali anyamata achibisa ogwira ntchito m'tauni. Ankavala zovala za chizungu zochapidwa bwino, ng'oma zawo zinali zopangidwa ndi migolo ya mafuta, ndipo nyimbo zawo zinkaseka mitundu ina yomwe ankakhala nayo. Ku migodiko Kalela anali gule wa achinyamata a m'komboni. M'chaka cha 2022, bungwe la UNESCO linamulemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, pomwe palinso Gule Wamkulu wa Achewa, Mooba wa Alenje ndi Budima wa Atonga.

Izi zikutanthauza kuti gule amakhala ndi moyo ngati achinyamata amutenga kukhala wawo, ngakhale atamusintha zovala ndi zoimbira. Choncho vuto la ku Shikabeta silili pa mavinidwe a m'tauni okha. Lili pa kusiyana kwa mwayi. Wovina wa mu Lusaka ali pafupi ndi aphunzitsi, atolankhani, mawailesi ndi mabungwe othandiza ndi ndalama. Wovina wa kumudzi amaonekera pa tsiku la mwambo, kenako amabwerera kumunda osalandira kanthu. Mnyamata akaona kuti gule wina amadyetsa pomwe wina sadyetsa, sachedwa kusankha.

Apa ndi pomwe bungwe la National Arts Council of Zambia, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994, komanso unduna woona za achinyamata, masewero ndi luso, zili ndi udindo. Magulu ovina a m'masukulu a ku Rufunsa angathe kuitanidwa ku zikondwerero za mu Lusaka ndi kulipidwa mofanana ndi anzawo, ndipo ovina a m'makomboni angathe kupita ku Nkomba Lyanga kukaphunzira kwa eni ng'oma. Mtengo wake waukulu ndi wa galimoto ndi chakudya cha ana, ndipo umenewu sungalepheretse boma ngati lafuna.