Mamba a pende angathandize kupoletsa zilonda

Aliyense wa ku Feira, kumene Luangwa amathira m'Zambezi, adziwa kuti mtsinje umene umatidyetsa ndi womwewo umatipweteka. Asodzi olumidwa ndi ng'ona kapena mvuu amanyamulidwa kunka nawo ku cipatala ca Katondwe, ndipo m'nyengo yacisanu ana amapsa poothera moto. Zilonda zotere zimacedwa kupola. Nsalu yomangira imamatirira pacilonda, ndipo poimasula wodwala amalira monga walumidwanso.

Tsono tamverani za mamba a pende, amene amayi amapala nataya m'mbali mwa madzi. M'mamba ndi m'khungu la nsomba muli cinthu cochedwa kolajeni, cimenenso cimalimbitsa khungu la munthu. Akatswiri amacisungunula m'mankhwala, nacikoka ndi mphamvu ya magetsi kufikira citasanduka ulusi woonda koposa wa kangaude. Mutandandalika timaulusi 100, mwina sitingafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Njira yopota ulusi ndi magetsi si yatsopano ai: Anton Formhals wa ku Germany anailembetsa m'caka ca 1934.

Timaulusiti tikaunjikana timapanga kansalu kokhala ndi timabowo tating'onong'ono. Mpweya umapita, madzi a m'cilonda amatuluka, koma tizilombo ta matenda timavutika kulowa. Mnofu watsopano umayanga pa ulusiwo monga mphonda pa mpanda, ndipo ulusi wa kolajeni umasungunuka wokha m'thupi.

Nsalu zotere zikali kuyesedwa m'maiko ambiri. Koma zakuti nsomba imathandiza cilonda zinaoneka kale: mumzinda wa Fortaleza ku Brazil, madokotala anayamba m'caka ca 2016 kuphimba anthu opsa ndi khungu la nsomba ya mtundu wa pende, loyeretsedwa bwino. Odwala anamva ululu wocepa, pakuti sanali kumasulidwa kawirikawiri.

Ife tikuti nchito imeneyi isasiyidwe kwa anthu akunja okha. Nsomba tili nazo, ndipo zilonda nazonso n'zathu. Tipempha Yunivesite ya Zambia pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kuti atume ophunzira awo ku Luangwa, akatenge mamba a pende ndi kuwapima. Aphungu athu ndi mafumu athu, a Mburuma ndi a Mphuka, aikumbutse nkhaniyi m'misonkhano. Tikangokhala cete, tidzagula ndi ndalama zakunja cinthu copangidwa ndi zimene ife timataya.

Komabe ticenjeze: munthu asayerekeze kuika khungu la nsomba kapena mamba pacilonda kumudzi. Zosayeretsedwa zimanyamula tizilombo, ndipo cilonda cingaole mpaka mwendo kudulidwa. Wopsa ndi moto muthireni madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20. Wolumidwa, panikizani bala lake ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke. Mukatero, thamangirani naye ku cipatala tsiku lomwelo.