Khofi wabwino asaonongekere m'nyumba mwathu

Alimi anzathu a ku Chiradzulu, khofi si mlendo m'dera lathu lino. Mbande yoyamba idafika ku Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye adali mbewu yaikulu yomwe dziko lino limatumiza kunja. Ngakhale minda ya azungu ya ku Magomero idayamba ndi khofi isanatembenukire ku thonje ndi fodya. Izi zikutiuza kuti mapiri athuwa khofi amawadziwa. Funso lathu lero ndi lakuti: nanga n'chifukwa chiyani mlimi wamng'ono amene wasamala mitengo yake chaka chonse amalandirabe mtengo wolira nawo?

Ife tikuona kuti gawo lalikulu la vutoli lili pakati pa munda ndi sikelo. Khofi wambiri amatuluka m'munda ali wabwino, koma amakafera pathandala ndi m'chipinda chosungiramo. Tikumbukire kuti pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zakupsa kuti tipeze kilogalamu imodzi ya njere zogulitsa. Choncho thumba limodzi likaonongeka, thukuta la masiku ambiri lapita pachabe.

Mdani woyamba ndi chinyezi. Ogula khofi padziko lonse amafuna njere zomwe chinyezi chake chili pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Chikapitirira pamenepo, khofi amachita chuku, amanunkha chinyontho ndipo amasintha mtundu. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa ochratoxin, amene misika ya ku Ulaya imamuyeza mosanyengerera, monga momwe imachitira ndi chuku cha mtedza. Komanso khofi akauma mopyola muyezo amasweka pochotsa makoko, ndipo amapepuka pasikelo. Apa mlimi waluzanso.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yovuta chifukwa nyengo yothyola khofi imakumana ndi chiperoni. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu ndi mvula yowaza zimatha kukhala masiku angapo dzuwa osaoneka. Mlimi akatopa amangoti wauma, nkulongedza. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Khofi wa m'makoko amatenga sabata imodzi kapena ziwiri pathandala, nthawi zina kuposerapo kukakhala chiperoni. Tiyanike pathandala lokwera, osati padothi. Tiyale mopyapyala, tizitembenuza pafupipafupi, ndipo tizivundikira usiku komanso kukayamba kuwaza. Njere youma bwino imakhala yolimba, ukailuma dzino silisiya chidindo.

Mdani wachiwiri ndi fungo. Khofi amakoka fungo la chilichonse chomwe wagona nacho. M'nyumba zathu zambiri chipinda chimodzi chomwecho ndi chosungiramo feteleza, palafini, fodya, anyezi ndi usipa, ndipo utsi wa kukhitchini umalowanso momwemo. Ife sitingamve kanthu, koma akatswiri olawa khofi amamva pakapu yoyamba, ndipo giredi imatsika pomwepo. Thumba lomwe mudali feteleza kapena mankhwala lisayandikire khofi ngakhale litachapidwa. Mankhwala othira m'chimanga poteteza anankafumbwe asathiridwe m'khofi.

Nanga tisunge bwanji? Khofi asungidwe ali m'makoko ake mpaka nthawi yogulitsa, chifukwa khoko ndiye chovala chake. Tigwiritse ntchito matumba aukhondo a chiguduli, kapena matumba osalowa mpweya ngati khofi waumadi. Tisatseke khofi wachinyezi m'pulasitiki, chifukwa amachita thukuta n'kuola. Matumba asanjidwe pamitengo kapena pamatabwa, asakhudze pansi kapena khoma, ndipo asayandikire malata chifukwa kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku kumabweretsa mame m'thumba. Tisasakanize khofi wa magiredi osiyana, kapena wa chaka chatha ndi watsopano. Denga likonzedwe mvula ya mu Novembala isanayambe.

Komabe tinene chilungamo. Malangizo onsewa ndi osavuta kulemba papepala, koma ndi ovuta kwa mayi amene ali ndi nyumba ya zipinda ziwiri ndi ana asanu. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adagwetsa nyumba zambiri m'boma lathu lino, ndipo adationetsa poyera kuti nyumba yogona si malo odalirika osungiramo chuma cha chaka chonse. Mlimi amene alibe posungira amagulitsa mothamanga kwa venda woyamba kufika pakhomo, pamtengo womwe vendayo wanena. Venda amangofinya njere n'kunena kuti ndi yosauma, ndipo mlimi alibe chomutsutsira.

Apa ndi pomwe mgwirizano umagwira ntchito, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anzathu a kumpoto adationetsa njira. M'chaka cha 1999 alimi ang'onoang'ono a khofi adatenga m'manja mwawo ntchito yomwe kale imayendetsedwa ndi bungwe la boma, ndipo mu 2007 adakhazikitsa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Alimi a ku Misuku, Phoka ndi Viphya amapereka zipatso zawo kumalo amodzi osendera, kumene khofi amatsukidwa, kuyanikidwa ndi kusungidwa mofanana. N'chifukwa chake dzina la khofi wa Mzuzu likudziwika mpaka kunja. Sikuti dothi lawo lokha ndilo lidachita zimenezi, koma dongosolo.

Choncho ife tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, kalabu iliyonse yomwe ili ndi alimi a khofi iike patsogolo thandala la gulu ndi chipinda chimodzi chouma, chokhoma, chokhala ndi buku lolembamo thumba la membala aliyense. Chachiwiri, makalabu oyandikana asonkherane ndalama zogulira kachipangizo koyezera chinyezi. Kachipangizo kamodzi kakhoza kutumikira midzi ingapo, ndipo kamathetsa mkangano ndi wogula chifukwa nambala siinama. Chachitatu, tikupempha Unduna wa Zamalimidwe ndi khonsolo ya Chiradzulu kuti alangizi asamalekezere maphunziro pa kubzala ndi kuthira feteleza. Kasamalidwe ka zokolola kapatsidwe nthawi yake, ndipo pogawa ndalama za chitukuko nyumba zosungiramo mbewu za alimi ziganiziridwe monga momwe timaganizira milatho ndi misika. Nawo eni minda ikuluikulu ya khofi m'dera lino, amene ali ndi makina ndi luso, akhale pansi ndi makalabu athu kuti tigwirizane za malonda achilungamo.

Atsogoleri a makalabu, nkhaniyi ikhale pa mndandanda wa zokambirana pamsonkhano wanu wotsatira, khofi asanayambe kufiira. Ulimi ndi bizinesi, ndipo wabizinesi sasiya katundu wake padothi. Tathirira, tapalira, tathyola. Tiyeni tisungenso bwino kuti pofika pasikelo tikalankhule ndife.