Girizi ndi Mchenga: Theka la Phunziro Limene Timasiya

Ambiri a ife timatsiriza phunziro la kukhulana kwa zinthu ndi chiganizo chimodzi pa bolodi: mafuta amachepetsa kukhulana. Ana amalemba, amaloŵeza, ndipo pa mayeso amakhoza. Chiganizocho si chabodza ayi. Koma kwa mwana wa ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Lifuwu, amene amaponda mchenga tsiku ndi tsiku, chimenechi ndi theka chabe la nkhani, ndipo theka limene timasiyalo ndilo limadya ndalama za makolo ake.

Tiyambe ndi m'mene ntchito ya mafuta inadziŵikira. M'chaka cha 1883 katswiri wa makina wa ku England, Beauchamp Tower, ankayesa mabering'i a mtundu wa sitima za pamtunda. Anaboola kachiboo pamwamba pa bering'i kuti azithirirapo mafuta, koma ekiselo itayamba kuzungulira mafuta anayamba kutulukira pomwepo. Anatsekapo, chotsekeracho chinakankhidwa. Anakhomerapo kamtengo, nakonso kanatuluka. Wina akanangopukuta mafutawo uku akunyinyirika. Tower anaikapo chida choyezera mphamvu, napeza kuti ekiselo pozungulira imakokera mafuta pakati pa iyo ndi bering'i, ndipo mafutawo amapanikizika mpaka kusenza katundu yense, zitsulo ziŵirizo osakhudzana. Osborne Reynolds anafotokoza zimenezi m'masamu mu 1886.

Tsono mafuta olekanitsa zitsulowo ndi opyapyala kuposa tsitsi, pamene kambewu ka mchenga n'kakakulu koŵirikiza, ndiponso n'kolimba kuposa chitsulo. Mwera ukamaomba, mchenga umamatirira pa tcheni ndi kuloŵa m'habu ya njinga. Wakabaza akamva kulira kwa njinga yake amapaka girizi wina pamwamba pa wakaleyo. Kulira kumaleka, iye nayesa kuti wachiza. Chimene wapanga ndi phala la girizi ndi mchenga, limene limapala chitsulo ngati mwala wonolera mipeni. Akanayamba watsuka ndi parafini. Kodi mwana wake, amene tamphunzitsa kuti mafuta ndiwo mankhwala, angamuuze chiyani?

Pali chitsanzo china chimene chili pakhomo penipeni pa sukulu zathu zambiri, ndicho mjigo. Ntchito yokonza pampu imene lero timaitcha Afridev inayambira kuno ku Malaŵi mu 1981, ndipo yoyamba, yotchedwa Maldev, inali ndi mabering'i a timipira tachitsulo. Mabering'iwo anavuta poyesedwa m'midzi. Akatswiri sanalamule kuti anthu azipaka girizi wambiri. Anachotsa timipirato naikamo mabering'i apulasitiki osafuna girizi, otsika mtengo, amene anthu a m'mudzi angasinthe okha ndi sipanala. Ntchitoyi inapitirira ku Kenya. Nzeru yake ndi yakuti kanthu kotchipa kadyeke m'malo mwa chitsulo chodula. Chogwirira cha mjigo chikayamba kugwedera cham'mbali, ndiye kuti pulasitiki uja watha, ndipo komiti ikazengereza chitsulo chimayamba kudya chinzake. Ana amene amatunga pamenepo m'maŵa uliwonse ndiwo oyamba kumva kugwederako m'manja mwawo, koma palibe anaŵauza tanthauzo lake.

Ena mwa inu, aphunzitsi anzanga, mudzati silabasi ndi yaitali, nthaŵi ndi yochepa, ndipo zimenezi sizifunsidwa pa mayeso. Za nthaŵi ndikuvomera. Komabe chimene ndikupempha chimatha m'phunziro limodzi, ndipo sichifuna chipinda cha sayansi. Gulu lililonse likhale ndi zivundikiro za zitini zisanu ndi chimodzi, ziŵiriziŵiri. Ziŵiri zoyamba azikhule zouma, zachiŵiri atadonthezapo mafuta ophikira, zachitatu atawaza kamchenga pa mafutawo, ndipo aŵerenge kukhula makumi asanu pa zonse kuti kuyesako kukhale kwachilungamo. Apukute, ayang'ane mikwingwirima padzuŵa, alembe zimene aona inu musananene kanthu. Apa ndipo pavuta ambiri a ife, pakuti tinazoloŵera kupereka yankho funso lisanabadwe, pamene Tower anadziŵa zimene anadziŵazo chifukwa choima ndi kudabwa kamtengo katatuluka.

Pambuyo pake pemphani wokonza njinga wa pamsika kuti akubwerekeni habu yakutha, kapena abwere yekha m'kalasi adzaimasule ana akuona. Timipira todyeka tiyende m'manja mwa mwana aliyense, kenaka gulu lonse lipite ku mjigo kukagwedeza chogwirira, ndi kulemba kalata yaifupi kwa komiti ya mjigowo yonena zimene lapeza.