Wa imvi angathamange, bola asakonzekere ngati mnyamata

Okondedwa abale nonse kumudzi,

Ndamva kuti amalume akuti kuthamanga n'kwa ana, munthu wa imvi azikhala pansi. Pepani amalume, pamenepo sindikuvomereza. Kuno ku Joni kuli mpikisano wa Comrades, makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ndipo madala amachita kudzazana. Vladimir Kotov anapambana mu 2004 ali ndi zaka 46. Wally Hayward anaumaliza mu 1989 ali ndi zaka 80, maola 11 asanakwane.

Chimene chimagwetsa anzanga amsinkhu wathu si zaka ayi, koma kukonzekera ngati anyamata. Mnyamata akathamanga mtunda wautali Lamlungu, pofika Lachiwiri wachira kale. Ife mawondo ndi mtsempha wa kuchidendene zimachedwa. Ndiye muonjezepo ntchito: wina ndi mlonda, waima usiku wonse, wina watandala akukankha wilibala. Miyendo sidziwa kuti kumeneko kunali kuganyu, imangowerengera zonse pamodzi.

Ine ndimati masiku olimba awiri pa sabata akwana, lina la zitunda, lina la mtunda wautali. Enawo pang'onopang'ono, liwiro loti n'kumacheza ndi mnzako. Zitunda zokha sitizemba, poti chaka chokwera ku Pietermaritzburg, chitunda cha Polly Shortts chimakudikira kumapeto, miyendo itatha kale. Masabata atatu omaliza timachepetsa mtunda ngakhale mtima ukukana.

Mupereke moni kwa amayi. Ya feteleza nditumiza mwezi ukatha.