Mmisiri ayambe wakonza malo asanagule makina owotcherera

Achinyamata ambiri amene aphunzira kuwotcherera zitsulo, kaya kusukulu ya ntchito zamanja kapena pothandiza mmisiri wina, amafuna kuyamba yawoyawo pakhomo. Maganizowa ndi abwino, chifukwa lendi ya malo kumsika imadya phindu, ndipo mageti, mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo ndi mbaula zili ndi msika kulikonse kumene anthu akumanga. Vuto ndi lakuti mpamba ukangopezeka, wonse umathera pa makina owotcherera, girayinda ndi vayisi. Zoti zipangizozo zikakhala pati zimaganiziridwa katundu atafika kale pakhomo. Kuthamanga sikufika. Malo osakonzedwa bwino amadya nthawi ndi zitsulo tsiku lililonse, ndipo tsiku lina akhoza kudya nyumba.

Choyamba kuchiganizira ndi chitsulo chenichenicho. Mapaipi ndi zitsulo zambiri zimagulitsidwa zotalika pafupifupi mamita 6. Chitsulo chotere sichikhota pakona ya nyumba. Choncho posungira pake pakhale potsata khoma lalitali, moyang'anana ndi polowera, kuti ochitsitsa pangolo kapena pagalimoto angochilowetsa chowongoka. Chisagone pansi. Chikhale pa thandala lokwera, pansi pa denga, chifukwa chitsulo chogona pa dothi lonyowa chimachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo mmisiri amalilipira kawiri: polipala ndiponso penti ikayamba kusupuka kwa kasitomala.

Kuchokera posungira, ntchito iziyenda njira imodzi: podulira, pa tebulo lowotcherera, posalaza ndi girayinda, popentera, kenako potulukira. Podulira pakhale mumzere womwewo wa thandala kuti chitsulo chingokokedwa osachitembenuza. Mmisiri amene amanyamula felemu kupita nayo uku n'kubwereranso, akudumpha nthambo ndi zidutswa, amatha theka la tsiku akuyenda m'malo mowotcherera.

Tebulo likhale lachitsulo, losapendama, ndipo munthu azitha kulizungulira mbali zonse. Felemu yowotchereredwa pansi pokumbika imatuluka yopindika, chitseko n'kumakana kutsekeka, kasitomala n'kukana kumaliza malipiro. Pa tebulo labwino mmisiri amayeza ndi tepi kuchokera pakona kufika pakona yopingasa. Miyeso iwiriyo ikafanana, felemu ili bwino. Potulukira napo payezedwe ndi katundu wamkulu amene akuyembekezeka kupangidwa. Geti lagalimoto lopangidwira m'kachipinda ka chitseko chimodzi limafuna kugumula khoma kuti lituluke.

Nkhani ya moto ndiyo siyofunika kunyengerera. Mbaliwali za girayinda zimauluka patali, ndipo malangizo a chitetezo pa ntchito zotere amati zinthu zoyaka msanga zitalikire pafupifupi mamita 10. Mapuloti ambiri ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi alibe malo otere. Njira yake ndi kuyang'anitsa mbaliwali kukhoma la njerwa ndi kutchinga mbali zinazo ndi malata. Mpanda waudzu, matumba a makala, zovala zoyanika ndi nkhuni zisakhale kumbali imeneyo. Penti, mafuta osungunulira penti ndi petulo wa jenereta zikhale m'bokosi lachitsulo lotseka, kutsidya lina. Ndowa ya mchenga ikhale pofikira dzanja, chifukwa moto wa magetsi kapena wa petulo sathira madzi. Akaweruka, mmisiri azungulire malowo pakapita kanthawi, poti mbaliwali imatha kunyeka mwakachetechete m'nsanza.

Malata otchingawo amatetezanso maso. Kuwala kwa powotcherera kumapsereza maso, ndipo ululu wake umabwera patapita maola angapo, nthawi zambiri usiku, ngati m'maso mwalowa mchenga. Mmisiri ali ndi chipewa chake chagalasi lakuda, koma mwana amene waima pakhonde kuonerera alibe. Choncho powotcherera pasayang'ane kukhomo la nyumba kapena kunjira yodutsa anthu. Kumsewu kuziikidwa katundu womalizidwa, ndiye amaitana makasitomala.

Koma kutchinga sikutanthauza kutsekeratu. Utsi wa powotcherera umawononga m'chifuwa, makamaka wa chitsulo chokutidwa ndi zinki monga mapaipi amadzi, umene umatha kudwalitsa munthu ngati wagwidwa chimfine chachikulu. Pamwamba ndi pansi pa malata pasiyidwe mpata wopita mphepo. Denga lokha ndi losakambirana. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, munthu wowotcherera ataponda pansi ponyowa akuseweretsa moyo.

Magetsi nawo akonzedwe pa nthawi yomweyo. Makina owotcherera amakoka magetsi ambiri, ndipo nthambo yaitali yopyapyala yochokera pabalaza imatentha n'kufooketsa makina. Wodziwa zamagetsi akoke nthambo yakeyake, yokhala ndi chodulira chake, kufika pafupi ndi tebulo. Mmisiri azilembanso mayunitsi asanayambe ntchito ndi akamaliza. Popanda kutero, magetsi a geti la kasitomala amalipiridwa ndi ndalama ya ndiwo.

Ena anganene kuti zonsezi ndi za anthu a malo aakulu ndi ndalama zambiri, kuti woyamba kumene angoyamba, zinazo zidzakonzedwa ntchito ikadzakula. Zoona, mpamba ndi wochepa. Koma malo ochepa ndiwo amafuna kuwaganizira kwambiri, chifukwa palibe kosunthira chinthu chikalakwika. Ndipo kusuntha tebulo lomwe lamangidwa kale ndi simenti, kapena kulipira mpanda wa a neba utapsa, n'kodula kuposa malata akale anayi otchingira. Wokhala nyumba ya lendi akambirane ndi eninyumba ndiponso oyandikana nawo za phokoso ndi maola ogwirira ntchito zinthu zisanamangidwe.

Kukonza malo sikufuna ndalama. Mmisiri atenge phulusa, alembe pansi pamene padzakhale thandala, tebulo, popentera ndi potulukira, monga amachitira omanga polemba maziko. Kenako anyamule nsungwi ya mamita 6, alowe nayo pageti, ayende nayo njira yonse. Paliponse pamene nsungwiyo yakodwa, chitsulo chidzakodwanso, ndipo mzere wa phulusa ungofufutidwa ndi phazi n'kulembedwa pena.